Mmene makampani akonzeratu kalata ya dandaulo pa intaneti

Munthu akalipira katundu pa intaneti koma katunduyo osafika, amalembera kampani imelo ya dandaulo. Bvuto n'lakuti ambiri amaiwala kulemba nambala ya lisiti. Ogwira nchito ku kampani amayankha pofunsa nambalayo, ndipo masiku amapita ndalama za mwini zili m'malere.

Pofuna kucepetsa kucedwa kotere, akatswiri okonza masamba a pa intaneti amaika batani lakuti "Tilembereni". Munthu akalidina, pulogalamu ya imelo ya m'lamya kapena m'kompyuta yake imatseguka, keyala ya kampani, mutu wa kalata ndi nambala ya lisiti zitalembedwa kale.

Kuseri kwa batanilo kuli mzere umodzi woyamba ndi mau akuti mailto. Malamulo a kalembedwe kake anafalitsidwa ndi bungwe la IETF m'cikalata ca RFC 2368 mu 1998, ndipo anakonzedwanso mu 2010 m'cikalata ca RFC 6068. Citsanzo cake ndi ici:

mailto:thandizo@example.com?subject=Dandaulo%20la%20katundu&body=Lisiti%204471

Pambuyo pa keyala pabwera cizindikiro ca funso. Mau akuti subject aimira mutu wa kalata, body aimira uthenga weniweni, ndipo cizindikiro ca & cilekanitsa ziwirizi. Nambala ya lisiti siilembedwa ndi munthu: pulogalamu ya kampani imaitenga m'kaundula wa wogula amene walowa pa tsambalo n'kuiika mu mzerewo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa zizindikiro. Mzerewu sulola mpata pakati pa mau, motero mpata uliwonse ulembedwa %20, ndipo kuyamba mzere watsopano kulembedwa %0D%0A. Ngati dzina la katundu lili ndi &, liyenera kusinthidwa kukhala %26; kupanda kutero uthenga umadukira pomwepo, wogula n'kutumiza kalata yatheka osadziwa. Nazo zilembo za zinenero zathu zifuna cisamaliro: ŵ wa m'dzina la Malaŵi alembedwa %C5%B5. M'cinenero ca makompyuta ca JavaScript nchito yonseyi icitidwa ndi lamulo lochedwa encodeURIComponent, ndipo katswiri wanzeru sayesa kuicita pamanja.

Cofunika kucidziwa kwa wogula n'cakuti batanili silitumiza kalata. Limangoikonza. Kalatayo imanyamuka pokhapokha mwini ataiwerenga ndi kudina potumizira, ndipo ali ndi ufulu wofufuta kapena kuonjezera ciliconse. Pa cifukwa comweco kampani siingakhulupirire nambala ya m'kalatamo popanda kuiyerekeza ndi kaundula wake.

Njirayi ili ndi malire ake. Siidalirika potumiza cithunzi ca lisiti, uthenga wautali kwambiri umakanidwa ndi mapulogalamu ena, ndipo pa kompyuta imene ilibe pulogalamu ya imelo, monga zambiri za m'malo olipiritsa intaneti, batanilo lingathe kukhala cete. N'cifukwa cake ndi bwino kuti keyala ya kampani izilembedwanso poonekera.

Mau acinsinsi olowera pa tsamba ndi nambala ya PIN siziyenera kulowa mu mzere wotere, pakuti imelo wamba ingawerengedwe ndi anthu ambiri a ku kampani. M'Zambia, lamulo la Data Protection Act la 2021 lipatsa makampani udindo wosamalira mbiri ya anthu imene amasonkhanitsa. Wogula akaona kalata yokonzedweratu ili ndi malo olembapo PIN, aifufute osaitumiza.