Vakabu ndi malire a mphamvu za boma

Mu 2015 apolisi mumzinda wa Blantyre ananjata bambo wina amene analawirira kunja kusanache, katundu wake wa majumbo ali m'manja, kupita kokagulitsa. Sanabe kanthu, sanamenye munthu. Anamutsekera pa mlandu wa vakabu, malinga ndi ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, yomwe inkalola wapolisi kugwira aliyense pongomuganizira kuti ali pamalopo ndi cholinga choipa.

Lamulo limeneli linabwera ndi atsamunda. Muzu wake ndi malamulo a ku England olanga oyendayenda ndi opemphapempha, monga la 1824. Kumudzi mlendo wofika usiku ankapita naye kwa amfumu, kumufunsa kumene wachokera, kenaka kumupatsa madzi ndi pogona. Vakabu anasandutsa kuyenda usiku kukhala mlandu, ndipo ogwidwa nthawi zambiri anali oyenda pansi, a zigamba, pomwe a magalimoto ankangodutsa.

Bambo wa majumbo uja anakasuma, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndimeyo ikusemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Apa mpamene pagona tanthauzo la malamulo olamulira boma: wogulitsa majumbo kuima m'khoti moyang'anizana ndi boma, boma n'kugonja. Ndime 5 ya malamulo athu a 1994 imanena kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda mphamvu.

Ku Britain, kumene vakabu anachokera, woweruza sangathe kuchita zotere. Kumeneko nyumba ya malamulo ndiyo ili pamwamba pa zonse. Khoti lingalengeze kuti lamulo likuphwanya ufulu wa anthu, koma limagwirabe ntchito mpaka aphungu atalisintha. America ndiye tikufanana naye: mu 1972 khoti lalikulu la kumeneko linathetsa lamulo la oyendayenda la mzinda wa Jacksonville chifukwa silinkafotokoza bwino chimene munthu walakwa.

Ine ndimaona kuti njira yathuyi ndiyo yoteteza mphawi, pakuti aphungu sathamangira kumva kulira kwa munthu wosauka wogona m'chitokosi. Chodandaulitsa n'chakuti chigamulo chimathera m'mabuku a maloya, pomwe mavenda ambiri sadziwa n'komwe kuti ndime ya vakabu ija inafa. Inu amene mumalawirira ku msika, dziwani kuti apolisi akakumangani ayenera kukuuzani chifukwa chake, ndipo ndime 42 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imawalamula kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48.