Makina oyeza insulin nawonso amayenera kuyesedwa

Munthu wodwala matenda a shuga akamadzibaya insulin amakhulupirira kuti mankhwala amene ali m'kabotolo ndi abwino. Chikhulupiriro chimenechi chimadalira ntchito ya m'malabotale, kumene akatswiri amalekanitsa mamolekyu a mankhwala malinga ndi kukula kwawo. Njirayi imatchedwa size-exclusion chromatography, ndipo inatchuka mu 1959 chifukwa cha kafukufuku wa Jerker Porath ndi Per Flodin a ku Uppsala m'dziko la Sweden.

Mankhwala osungunulidwa amadutsa m'chubu chodzaza timikanda tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mamolekyu aakulu sakwana m'timabowomo, choncho amangolambalala n'kutuluka msanga. Aang'ono amalowa m'timabowo tambirimbiri, motero amachedwa. Kumapeto kwa chubucho kuli chipangizo chimene chimayeza kuchuluka kwa gulu lililonse likamatuluka.

Insulin ikakhalitsa kapena ikasungidwa pamalo otentha, mamolekyu ake ena amamatirirana awiriawiri kapena kuposa pamenepo. Timagulu timeneti sititsitsa bwino shuga, ndipo tingachititse thupi kuyamba kulimbana ndi mankhwalawo. Popeza n'tokulirapo, timatuluka m'chubu insulin yabwino isanatuluke. Malamulo a mankhwala a ku Ulaya ndi ku America salola kuti tipitirire 1 peresenti mu insulin yofanana ndi ya munthu imene sinathiridwe m'mabotolo.

Komabe zotsatira zimakhala zodalirika pokhapokha makinawo atayesedwa kaye. Asanayeze mankhwala enieni, katswiri amalowetsa insulin imene akudziwa kale kuti ili ndi mamolekyu omatirirana, kuti aone ngati chubucho chikulekanitsa bwino magulu awiriwo. Amaonanso ngati madzi akuyenda pa liwiro losasintha, ndiponso ngati kuyeza kobwerezabwereza kukupereka yankho lofanana.

Kusamala kotereku n'kofunika chifukwa chubu chimakalamba. Timikanda tikaphwanyika kapena timabowo tikatsekeka, magulu awiri aja amatulukira pamodzi, ndipo insulin yowonongeka imaoneka ngati yabwino. Mapuloteni ena amamatirira kutimikanda n'kuchedwa, zomwe zimawachititsa kuoneka aang'ono kuposa mmene alili. Makina akalephera mayeso amenewa, zotsatira zake sizivomerezedwa mpaka vutolo litakonzedwa.

Labotale imangotsimikizira ubwino wa insulin pa nthawi imene yayezedwa. Kuchokera pamenepo udindo umakhala wa onyamula, ogulitsa ndi odwala, amene ayenera kusunga botolo losatsegula mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, koma osalola kuti liundane.