Udindo wa woyendetsa pulojekiti ya makompyuta m'kampani ya zakudya

Paketi ya shuga, botolo la mafuta ophikira kapena mkaka wa m'sitolo zimakhala ndi nambala komanso tsiku limene zidzathere mphamvu. Kuseri kwa zilembozi kuli makompyuta amene amasunga kumene zipangizo zinachokera, tsiku limene chakudyacho chinapangidwa ndi sitolo imene chinatumizidwako. Kampani ikafuna kukhazikitsa kapena kusintha mapulogalamu otere, imapereka udindowo kwa woyendetsa pulojekiti ya makompyuta, amene pa Chingerezi amatchedwa IT project manager.

Kawirikawiri mkuluyu salemba yekha mapulogalamu. Ntchito yake ndi kumva zosowa za akufakitale, osunga katundu, owerengera ndalama ndi ogulitsa, kenako n'kuzifotokoza kwa akatswiri a kompyuta m'njira yoti azimvetse. Iye ndiye amakonza ndondomeko ya ntchito, kuyang'anira bajeti, kuonetsetsa kuti pulogalamu yayesedwa mokwanira komanso kuti antchito aphunzitsidwa, ndi kulangiza mabwana za tsiku loyenera kusiya njira yakale.

M'kampani ya zakudya udindowu ndi wolemera chifukwa katundu sadikira. Mkaka ukakhala pamzere chifukwa kompyuta yakana kutulutsa chikalata, umasasa. Pulogalamu iyeneranso kudziwa kuti katundu amene watsala pang'ono kutha mphamvu ndiye ayambe kutuluka, ngakhale atakhala kuti anafika mochedwa.

Zimene zinagwera kampani ya chokoleti ya Hershey ku America zimasonyeza kufunika kosankha bwino nthawi. Kampaniyi inafuna kumaliza m'miyezi 30 ntchito imene inkafunika miyezi 48, pothamangira kuti chaka cha 2000 chisaipeze ndi makompyuta akale. Mu Julayi 1999 inayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a SAP, Siebel ndi Manugistics, nthawi imene masitolo amaitanitsa maswiti ambiri a chikondwerero cha Halloween. Maswiti analipo m'nyumba zosungiramo katundu, koma maoda sankayenda. Katundu wa ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni sanafike kwa ogula, ndipo phindu la m'gawo lachitatu la chakacho linatsika ndi 19 peresenti. N'chifukwa chake woyendetsa pulojekiti wanzeru sangalole fakitale ya shuga kusintha makompyuta pakati pa nyengo yodula nzimbe.

Koma nkhaniyi sikhudza ndalama zokha, imakhudzanso moyo. M'zaka za 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis anagwira anthu oposa 1,000 ku South Africa, ndipo oposa 200 anamwalira. Mu Marichi 2018 boma la dzikolo linalengeza kuti gwero lake linali polony wa kufakitale ina ya ku Polokwane, ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko amene analetsa kulowetsa nyama zoterezi. Pa nthawi ngati imeneyi, kampani iyenera kudziwa msanga kuti katundu wokayikitsa anapita kumasitolo ati. Kampani ya Walmart itayesa kulondola kumene paketi ya mango inachokera, zinatenga pafupifupi masiku 7, koma ndi pulogalamu imene inakonza mogwirizana ndi IBM zinatenga masekondi 2.2.

Akuba a pa intaneti nawonso amasowetsa mtendere. Mu 2021 kampani ya nyama ya JBS inaimitsa mafakitale ake angapo zigawenga zitatseka makompyuta ake, ndipo inalipira madola 11 miliyoni. Choncho woyendetsa pulojekiti amakonzeratu mmene fakitale ingapitirizire ntchito makompyuta, magetsi kapena intaneti zikavuta.

Wofuna ntchitoyi amathandizidwa ndi digiri ya za makompyuta kapena ya bizinesi, ndiponso masatifiketi monga PMP ndi PRINCE2. Komabe mapepala okha sakwanira. Ayenera kulowa m'fakitale, kuona mmene wosunga katundu amawerengera matumba, ndi kudziwa malamulo a ukhondo wa chakudya. Koposa zonse, ayenera kulimba mtima kuuza mabwana kuti pulogalamu sinakonzeke, ngakhale tsiku limene analonjeza litakwana.