Nthabwala za M'banja M'mafilimu Osalankhula

Mpaka cha m'ma 1927, pomwe filimu ya The Jazz Singer idatulutsa mawu, mafilimu a ku Hollywood adali osalankhula. Mawu ofunika ankalembedwa pakati pa zithunzi, woimba piyano n'kumasangalatsa oonera m'holo. Nkhani za m'banja zidakula bwino m'nthawi imeneyi, poti mkangano wa mwamuna ndi mkazi umaonekera pankhope ngakhale pakamwa patatsekedwa.

Mmodzi mwa akatswiri a nthabwala zotere adali Cecil B. DeMille. Mu filimu yake ya 1919, Don't Change Your Husband, Gloria Swanson ndi mayi wotopa ndi mwamuna wokonda anyezi wosaphika, wosuta fodya kosalekeza, wosalabadira za pakhomo. Banja litatha, mayiyo akwatiwa ndi wina wa pakamwa potsekemera, koma posakhalitsa aona kuti wathawa mvula n'kugwera m'dziwe, ndipo abwerera kwa woyamba uja. Mu 1920 DeMille adatembenuza nkhaniyo mu Why Change Your Wife?, momwe mwamuna ndiye amathawa mkazi wolongolola. Ernst Lubitsch, wochokera ku Germany, adaonjezera luso mu The Marriage Circle ya 1924, nkhani ya mabanja awiri a ku Vienna, momwe kuponyerana diso kokha kumaulula chinsinsi.

Osonkhanitsa zinthu zakale amalimbirana mafilimuwa chifukwa otsala ndi ochepa. Ankajambulidwa pa filimu ya nitrate, yomwe imagwira moto msanga, ndipo ikakhalitsa imanyata kenako n'kusanduka fumbi. Mu 1937 moto udapsereza nkhokwe ya mafilimu a Fox ku Little Ferry, New Jersey. Lipoti la Library of Congress la 2013 lidati pafupifupi 70 mwa mafilimu 100 alionse aatali osalankhula a ku America adatayika. Ngakhale Kiss Me Again ya Lubitsch, ya 1925, ili m'gulu la otayikawo.

Ena adapulumuka chifukwa cha makope a 16mm, mlingo womwe Kodak idayambitsa mu 1923 woonera pakhomo, wosayaka msanga. Makope amenewa, pamodzi ndi maposita ndi makadi a zithunzi omwe ankakhomedwa pakhomo la holo, ndiwo chuma cha osonkhanitsa lero. Munthu wosunga kope limodzi pamalo ozizira ndi ouma amathandiza kwambiri mbiri ya kanema, chifukwa nthawi zina kope lakelo ndi lokhalo lotsala padziko lonse.