Mbewa zonenepa ndi amayi a ku Nkhotakota

Amayi ambiri kuno ku Nkhotakota akasiya kusamba amayamba kunenepa, makamaka pamimba, ndipo ena amandifunsa ngati mankhwala a mahomoni angawathandize. Yankho langa limayambira pa mbewa.

Akatswiri amadyetsa mbewa za m'labotale chakudya chomwe mphamvu zake 45 kapena 60 pa 100 iliyonse zimachokera m'mafuta. Zazikazi zina amazichotsa matumba a mazira kuti homoni ya estrogen ichepe, monga imachepera mwa mayi akasiya kusamba. Mbewa zimenezi zimanenepa msanga. M'mafuta ochulukawo mumatuluka tinthu towononga maselo, tomwe timadya thupi monga dzimbiri limadyera lata, thupi likalephera kutithetsa. Chiwindi ndi mitsempha ya magazi zimavutika. Akazibwezera mbewazo estrogen, kunenepa ndi kuwonongekako nthawi zambiri kumachepa.

Komatu mbewa si mayi. Mu 2002 ku America anaimitsa gawo lina la kafukufuku wamkulu wa Women's Health Initiative ataona kuti amayi omwa estrogen pamodzi ndi homoni ina ya progestin ankadwala khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi kuposa amayi osamwa. Ndiye chifukwa chake mankhwalawa si ochepetsera thupi.

Chondidetsa nkhawa ine ndi mbale yathu. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa mopitirira. Mandasi, zakumwa zotsekemera ndi chiwaya zikulanda malo a usipa, chisoso ndi nyemba.

Amayi, musagule mahomoni pa nokha. Kayezetseni shuga ndi BP kuchipatala, dokotala akuunikireni.