Malaiti akapita, mlandu wa Killmonger umayambiranso

Malaiti anapita mutu wa mnyamata uja utametedwa mbali imodzi yokha. Wometa anayang'ana makina ake, nawaika pashelefu, n'kukhala nafe pabenchi. M'kanyumba kometera tsitsi kameneka ku Kabwata tinalimo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo palibe anaganiza zochoka, poti kunyumba nakonso kunali chimodzimodzi. Pasanathe mphindi zisanu, nkhani inali itafika pa Killmonger.

Filimu ya Black Panther inatuluka mu February 2018, koma mlandu wa Killmonger, mdani wa ngwazi m'filimuyo, sunagamulidwebe mu Lusaka. Wometedwa theka uja ananenetsa kuti Killmonger sanali woipa. Bambo ake anaphedwa ndi mbale wawo weniweni, mwana n'kusiyidwa yekha ku Oakland, ndipo atakula anapeza abale ake a ku Wakanda atakhalira chuma chosaneneka pamene anthu akuda kwina konse akuzunzika. Akanatani? Bambo wina wachikulire, amene anangobwera kudzameta ndevu, anamusiya kuti amalize. Kenako anamukumbutsa kuti munthu yemweyo atangolowa ufumu analamula kuti munda wa mankhwala opatsa mafumu mphamvu utenthedwe. Iwo anati mfumu yotentha mbewu za ufumu yakuuziratu kuti sikufuna wina adzalowe m'malo mwake, ndipo atsogoleri oterowo kuno kwathu sitichita kukawafuna ku kanema.

Mnyamata uja anaseka, nawauza kuti atate, apo mwalowetsa ndale. Koma sanawatsutse.

Okonda mafilimu a ngwazi amathera nthawi yochuluka pa filimu imene isanatuluke kuposa pa imene aionera kale. Amalosera. Woipa adzakhala ndani, ngwazi iti idzafa, uja anafa uja anafadi? Kwerani minibasi pa Kulima Tower yopita ku Chelstone nthawi yoweruka, mukhale kumbuyo pafupi ndi ana a sukulu, mudzamva okha. Foni imodzi, mitu itatu, kavidiyo kolengeza filimu ka mphindi ziwiri akukaimitsa pachithunzi chilichonse ngati apolisi ofufuza mlandu. Mu July 2024, pa msonkhano wa San Diego Comic-Con, kampani ya Marvel italengeza kuti Robert Downey Jr. abwereranso, koma tsopano ngati Doctor Doom, mikangano inachita kusefukira. Munthuyu kwa zaka zoposa khumi anali Iron Man, ndipo ngwaziyo inafa populumutsa dziko mu Avengers: Endgame mu 2019. Ndiye zitheka bwanji nkhope yomweyo kukhala ya mdani? Ena amati ndi Tony Stark, Iron Man yemweyo, wa m'chilengedwe china amene anasochera. Ena amati n'kutsatsa malonda chabe. Amene amawerenga makomiki pafoni, omwe amadziona ngati ansembe a nkhanizi, amakuuza modekha kuti Doom alipo kuyambira 1962, amalamulira dziko lopeka lotchedwa Latveria, ndipo anthu ake amakhala mwabata malinga asatsegule pakamwa.

Olosera amaphonya kawirikawiri, ndipo sachita nazo manyazi. Mu 2021 anthu padziko lonse analumbira kuti chiwanda chotchedwa Mephisto ndicho chikuyendetsa zonse mu WandaVision. Sewero linatha osaoneka ngakhale mchira wake. Chinadzatulukira patapita zaka zinayi, mu Ironheart, ambiri ataiwala kale.

M'masewera amenewa ife a ku Lusaka tinkakhala otsalira. Zizindikiro zobisika m'mafilimu a ku America zimalembedwera amene anakulira kumeneko. Zinthu zinatembenuka pa 20 July 2023, pamene Netflix inatulutsa Supa Team 4, sewero loyamba la makatuni lochokera mu Africa limene kampaniyo inapangitsa. Analiyambitsa ndi Malenga Mulendema, mlembi wa ku Zambia, amene anali mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu osankhidwa pa mpikisano wa Triggerfish Story Lab mu 2015. Makatuniwo anakonzedwa ndi Triggerfish ya ku Cape Town pamodzi ndi CAKE ya ku London, nkhani zake zinalembedwa ndi azimayi okhaokha a mu Africa, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great. Koma chimene chinagwira mtima ana a kuno n'chakuti zonse zikuchitikira mu Lusaka wam'tsogolo. Atsikana anayi a sekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, akutengedwa ndi Mama K, kazitape wopuma pantchito amene amayenda ndi mbuzi yake Chomps, kuti ateteze mzinda.

Ndinaonera gawo lalikulu la seweroli ku Chelstone ndi mwana wa mchemwali wanga, amene panthawiyo anali mu giredi 6. Amene simunalionere mundikhululukire, ndiulula. M'seweroli mzinda ukuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo muli mkulu wina wolemera, wolemekezeka, mwini kampani ya magetsi, dzina lake Lee Magedzee. Mulinso chigawenga chobisa nkhope chotchedwa Bad Magz. Mtsikanayu anangomva mayina awiriwo, n'kundigwira pamkono: amalume, ndi munthu mmodzi ameneyu. Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, nati Magedzee ndi magetsi, Magz ndi Magedzee wodulidwa, ndipo munthu wogulitsa kuwala ndiye amapindula kukachita mdima.

Mbali ya Magz mwana aliyense akanaigwira, ngakhale wa ku London. Koma kumva mawu akuti magetsi mkati mwa dzinalo kumafuna khutu la kuno. Chimodzimodzi mayina a nkhondo a atsikanawo. Komana wanzeru za makina ndi K-Bongo, Temwe wamtima wapachala ndi T-Mlilo, Zee wothamanga pampira ndi Za-Mpezi. Wina akuona zilembo zachilendo, pamene mwana wa ku Chelstone akumva ubongo, moto ndi mphezi. Kwa nthawi yoyamba chinsinsi chinabisidwa m'chilankhulo chake, ndipo amene anafunika kumasuliridwa anali ena.

Sindinganene kuti seweroli n'lopanda chilema. Zigawenga zina zimabwera ndi kupita ngati mvula ya mawawa, ndipo wamkulu amene wazolowera nkhani zokhotakhota aona kutsogolo msanga. Koma analilembera ana, ndipo ana anamva.

Kenako moyo unadzaposa katuni. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakanika, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba atatsika kwambiri, makina opukusa magetsi anatsala pang'ono kuimiratu. Chakumapeto kwa chakacho madera ambiri ankakhala maola oposa 20 patsiku opanda malaiti. Ana amene anaonera Bad Magz akuba kuwala kwa mzinda anayamba kufunsa kuti nanga uyu weniweniyu ndani. Yankho linali lovuta kupereka. M'katuni mdima uli ndi nkhope, ukaivula chigoba malaiti ayaka. Kunja kuno kunali El Niño, mitsinje youma, ndi zaka zambiri zodalira gwero limodzi. Palibe amene ungamumenye chibakera.

Mdimawo sunagawidwe mofanana. Kumayadi, ku Kabulonga ndi mbali zina za Woodlands, madenga anadzaza ndi masola, majenseti akulira kuseri kwa mipanda. Mwana wa kumeneko amaonera gawo latsopano tsiku lomwe latuluka. Mnzake wa m'mafulati a ku Kabwata amasunga batire la foni ngati mchere wa m'chaka cha njala, ndipo akafika kusukulu amapeza mathero aululidwa kale. Mwina n'chifukwa chake, m'kuona kwanga, olosera aluso kwambiri si amene ali ndi intaneti yosatha. Amene waonera theka la nkhani malaiti n'kupita amakhala ndi usiku wonse woti amalize yekha m'mutu.

Tisanamizane kuti khalidweli linabwera ndi Marvel. Amene tinakulira pa nthano timakumbuka Kalulu m'chaka cha chilala, atakana kukumba nawo chitsime koma n'kumabwera kudzatunga madzi, akupusitsa alonda mmodzimmodzi mpaka Kamba anamugwira. Mwa chilungamo Kalulu ndi wakuba. Komabe ana onse pabwalo tinkamuchemerera, ndipo agogo akamaliza tinkatsutsana mpaka tulo. Bambo wa ndevu uja ku Kabwata anapita patali kuposa apo. Anatchula Adamson Mushala, amene analimbana ndi boma la Kenneth Kaunda m'nkhalango za chigawo cha Kumpoto chakumadzulo mpaka anaphedwa mu November 1982. Anati ali mnyamata ankamva kuti munthuyo amatha kuzimirira asilikali akumuyang'ana, ndipo mpaka lero ena amamutcha chigawenga, ena womenyera ufulu. Achinyamata aja anamvetsera chete. Mmodzi anafunsa ngati pali amene anajambulapo komiki ya munthu ameneyu.

Nkhani inabwerera ku mafilimu, pa Thanos, mdani wa m'mafilimu a Avengers, ngati kuchotsa theka la zamoyo monga iye anachitira kukanathetsadi njala. Wometa, amene nthawi yonseyi sanayankhule, anati munthu wokhala ndi miyala yotha kuchita chilichonse akanangochulukitsa chimanga, ndipo ngati sanaganize zimenezo ndiye kuti ankangofuna kupha basi.

Malaiti sanabwere. Dzuwa litapendeka, wometayo anatsegula kabati n'kutulutsa lumo ndi chipeso, namuuza mnyamata uja kuti akhale bwino pafupi ndi khomo pamene panali kuwala. Mnyamatayo anaweramitsa mutu, koma pakamwa sanatseke. Anali atayamba kufotokoza chifukwa chake akukhulupirira kuti Doctor Doom adzapezeka kuti ndi Iron Man yemwe uja.