Lipoti lili pa kompyuta, koma pa foni silikuoneka

Mwalemba lipoti la ana amene abayitsa katemera m'dera lanu, mwalisunga mu OneDrive pa kompyuta, koma mukatsegula pa foni mulibe. Musathamangire kulilembanso. Nthawi zambiri lipotilo limakhala lidakali m'kompyutamo, silinakwere pa intaneti.

OneDrive imasunga fayilo pawiri: m'kompyuta yanu ndi m'makompyuta a kampani ya Microsoft. Foni imangoona zimene zafika ku Microsoft. Choncho yang'anani kachizindikiro kali pambali pa dzina la fayiloyo. Kobiriwira kochonga ndiye kuti yafika. Timivi tiwiri tozungulira ndiye kuti idakali pa ulendo. X wofiira ndiye kuti pali vuto.

Yambani ndi netiweki. Mukalumikiza kompyuta ku intaneti ya pa foni, OneDrive imatha kuima yokha kuti isakuthereni bandulo. Dinani kamtambo kali pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, musankhe Resume syncing.

Zikakanikabe, onani malo otsala. Aulere ndi 5 GB basi, ndipo mavidiyo ndi zithunzi za ana sizichedwa kuwadzaza. Akadzadza, palibe fayilo yatsopano imene ingakwere.

Koma samalani pofufuta. Chimene mwafufuta mu foda ya OneDrive pa kompyuta chimachokanso pa foni. Mukafufuta mwangozi, tsegulani OneDrive pa intaneti. Fayiloyo imakhalabe mu Recycle bin kwa masiku 30.

Ngati lipotilo lili ndi mayina a odwala, funsani kaye akuluakulu a pachipatala malo oyenera kulisungira. Ndipo musazime kompyuta musanaone kachizindikiro kobiriwira kaja.